Mmene ndimalondera ndere zapoizoni padamu pogwiritsa ntchito sensa

"Bambo, madzi aja adzuka atapakidwa penti." Mlonda wathu anandilandira ndi mawu amenewa pageti m'mawa wina wa mu Okutobala, ndisanatsike n'komwe panjinga. Ndimagwira ntchito pamalo oyeretsera madzi a m'mipopi, amene timawakoka padamu laling'ono m'chigawo chapakati, ndipo mlondayo ndi bambo wachikulire amene anakulira m'mbali mwa mtsinje womwe anautseka kuti damulo likhalepo. Titatsikira limodzi kugombe ndinaona zimene ankanena. Pangodya pamene mphepo imakankhira zinyalala panali payandama utoto wobiriwira ngati penti wotayika. Nditaviika kamtengo, kanatuluka kopakika, kopanda ulusi ngakhale umodzi. Ndere wamba, zija timaterereka nazo pamiyala, zimakola pamtengo ngati tsitsi. Izi sizikola, zimapaka.

Akatswiri amazitcha cyanobacteria. Ife timati ndere chifukwa cha maonekedwe, koma kwenikweni ndi mabakiteriya amene amapanga chakudya chawo ndi kuwala kwa dzuwa monga zomera. Zimakonda madzi ofunda, odikha, okhala ndi chakudya chambiri, makamaka phosphorus wochokera ku feteleza wa m'madimba, ndowe za ziweto ndi zimbudzi. Mitundu ina imatulutsa poizoni. Wodziwika kwambiri ndi microcystin, amene amawononga chiwindi, ndipo chimene chimandisowetsa tulo n'chakuti kuwiritsa madzi sikumupha. Mayi akaphitsa madzi pofuna kuteteza ana ake, madzi ena amauluka ndi nthunzi, poizoniyo n'kutsalira mumphika ali wochuluka kuposa poyamba. Bungwe loona zaumoyo padziko lonse la WHO linaika malire a maikulogiramu imodzi ya microcystin-LR, mtundu umodzi wa poizoniyu, pa lita imodzi ya madzi amene munthu amamwa masiku onse. Imeneyo ndi giramu imodzi yokha m'migolo 5,000 ya malita 200.

Mu 1996 mumzinda wa Caruaru ku Brazil odwala impso oposa 50 anamwalira chifukwa madzi amene anagwiritsidwa ntchito pamakina a dialysis, otsuka magazi awo, anali ndi poizoniyu. Mu Ogasiti 2014 anthu pafupifupi 400,000 a mumzinda wa Toledo ku America anauzidwa kuti asamwe madzi a m'mipopi, ndere zitaunjikana pamene mzindawo umakokera madzi m'nyanja ya Erie. Pafupi ndi kwathu kuno, boma la Botswana linalengeza mu Seputembala 2020 kuti njovu zoposa 300 zimene zinafa chaka chimenecho zinaphedwa ndi poizoni wa ndere za m'zithaphwi, ndipo mu Disembala 2024 zipembere zinayi zinafa zitamwa madzi a m'nyanja ya Chivero, kumene abale athu okhala ku Harare amadalira pa madzi a m'mipopi. Madamu athu, kaya a ku Malingunde, Mudi kapena Chitete, nawonso ndi madzi oima amene amalandira zonse zokokoloka m'minda ndi m'midzi ya kumtunda kwake.

Maso a mlonda anatithandiza tsiku limenelo, komatu maso amaona masana okha, ndiponso pamwamba pokha. Ndere izi zili ndi timatumba ta mpweya m'kati mwake timene zimakwera nato ndi kutsika nato. Mtundu wa Microcystis umayandama usiku wabata, m'mawa n'kuoneka ngati penti uja, mphepo ikayamba n'kubalalika. Mitundu ina, monga Raphidiopsis, siunjikana pamwamba kawirikawiri, imangomwazika m'madzi onse, mwakuti munthu woima pagombe amati zinthu zili bwino. Paipi yathu imakoka madzi mamita angapo pansi, kumene palibe amene amaonako. Sensa ndi maso oika kumeneko.

Chimene sensa imaona

Sensa yake ndi kachipangizo kooneka ngati tochi, kumapeto kwake kuli kagalasi. Imawalitsa kanyali m'madzi n'kuyeza kuwala kumene kwabwerera. Ndere zonse zili ndi chlorophyll, utoto wobiriwira uja wa m'masamba, amene akawalitsidwa ndi kuwala kwa buluu amabweza kofiira. Cyanobacteria zili ndi utoto wina wowonjezera, phycocyanin, umene ndere zambiri wamba zilibe. Umenewu umayankha kuwala kwa olenji, cha pakati pa mananomita 590 ndi 620 (muyeso wosiyanitsira mitundu ya kuwala), n'kubweza kofiira cha pa 650. Mukadzaona ndere zimene zaumira pagombe zitasanduka zabuluu, ndi phycocyanin ameneyo atatuluka m'maselo osweka.

Apa ndiye pamene ambiri amasocherera, ndipo ndikupemphani muzisunge mumtima musanagule chilichonse. Sensa imaona utoto, siona poizoni. Mumtundu umodzi womwewo wa Microcystis muli ina yotulutsa poizoni ndi ina yosatulutsa, ndipo pamaso pa sensa zonse n'zofanana. Choopsa kuposa pamenepo n'chakuti ndere zikayamba kufa utoto umachepa, nambala ya sensa n'kutsika, pamene poizoni amene anali wotsekeredwa m'maselo akutayikira m'madzi. Nambala ikagwa mwadzidzidzi pambuyo pa masiku okwera, imeneyo si nthawi yopumula. Ndi nthawi yotunga madzi kupita nawo kukayeza.

Pogula

Makampani odziwika ndi monga YSI ndi chipangizo chake cha EXO, In-Situ ndi Aqua TROLL, Turner Designs ndi Cyclops, komanso bbe Moldaenke. Wogulitsa akakufunsani kuti mukufuna ya phycocyanin kapena ya phycoerythrin, padamu la madzi opanda mchere sankhani phycocyanin. Inayo anaipangira makamaka madzi a m'nyanja zamchere.

Musagule sensa ya phycocyanin yokha. Payokha imakuuzani nambala koma sikuuzani ngati nambalayo ndi yoona. Pambali pake pakhale ya chlorophyll, ya kuvunduka kwa madzi ija timati turbidity, ndi ya kutentha. Ndalama zikalola, onjezani ya pH (muyeso wa asidi m'madzi) ndi ya okosijeni. Ndipo musalole kuti kaburashi kodzipukutira kachotsedwe pamndandanda pofuna kuchepetsa mtengo. M'madzi athu ofundawa kagalasi kosapukutidwa kamamera zinthu m'masiku ochepa.

Zipangizo zimenezi zimadya mamiliyoni ambiri a kwacha, ndipo mtengo wolemba pa pepala logulira si wonse. Kaburashi kamatha, kamutu ka pH kamafooka, kachivindikiro ka sensa ya okosijeni kamafuna kusintha, zonsezo n'zoitanitsa kunja ndi ndalama zakunja. Ndaonapo chipangizo chabwinobwino chili m'kabati chifukwa chosowa kachitsulo kamodzi. Pemphani kuti zosinthira za zaka ziwiri zibwere pamodzi ndi chipangizocho. Ngati ndalama zikukwanira chimodzi chokha, gulani chimene mungathe kuchipachika padamu komanso kuchinyamula m'bwato.

Poika

Ikani sensa pamene madzi akulowera m'paipi yanu, pa kuya kwa chipata chimene mukukokerapo, osati pamene n'posavuta kufikako. Ife tinatenga paipi ya PVC ya mamilimita 110, tinaiboola mabowo aakulu ambiri kumunsi konse kuti madzi azidutsa momasuka, tinapingasa bawuti pansi pake kuti chipangizo chizikhalapo, n'kuimangirira kunsanja yokokera madzi. Pamwamba pali chivindikiro ndi loko. Chipangizo chimatsika ndi chingwe chakechake, osati ndi waya wamagetsi uja, chifukwa wayayo akamanyamula katundu amaduka m'kati. Mabowo akachepa, madzi a m'paipimo amakhala ngati a m'chitsime, sensa n'kumayeza madzi a dzana.

Kumbukirani kuti damu limaphwa. Chipata chimene mu Epulo chinali mamita asanu pansi pa madzi chikhoza kukhala pafupi ndi pamwamba pofika Novembala, nthawi yomweyo imene ndere zayandama. Mlungu uliwonse lembani msinkhu wa madzi pambali pa manambala a sensa, apo ayi mudzayerekeza zinthu zosafanana.

Mukakhala ndi mwayi wa sensa yachiwiri, ikani pachoyandama chapatali ndithu ndi nsanja, mbali imene mphepo ya chilimwe imachokera padamu lanu. Imeneyo imakupatsani maola okonzekera ndere zisanafike pakhomo. Funsani asodzi ndi anthu okhala pafupi za mphepo. Amadziwa kumene mwera umakankhira zinyalala ndi kumene mpoto umazibwezera, kuposa mapu alionse. Ndipo musanaike chilichonse pamadzi, pitani kwa amfumu mukafotokoze kuti chinthuchi n'chachiyani. Sola ndi batire zongoonekera pakati pa damu popanda wouza anthu zimakopa manja. Ife titafotokoza kuti chipangizocho chimatetezanso ng'ombe zawo ndi ana awo amene amasamba kugombe, anthu omwewo ndi amene amatiimbira foni chingwe chikamasuka.

Chunani chipangizo kuti chiziyeza mphindi 15 zilizonse, kutanthauza maulendo 96 patsiku. Ngati netiweki ilipo, kabokosi kokhala ndi simu khadi kamatumiza manambala pafoni kapena pakompyuta. Kakhale ndi batire lake, chifukwa magetsi akazima ndere sizidikira. Onetsetsaninso kuti wotchi ya m'chipangizo ikugwirizana ndi ya padzanja lanu. Zikaphonyana ndi maola awiri, botolo la madzi limene mwatunga silidzagwirizana ndi nambala iliyonse.

Kuchuna ndi kutsuka

Kuchuna, kapena kuti kukonza sensa kuti iziyeza molondola, kumachitika ndi madzi a mitundu iwiri. Oyamba ndi madzi oyera a mu labu, aja a distilled, amene amapereka ziro. Achiwiri ndi madzi osakaniza ndi utoto wofiirira wotchedwa Rhodamine WT, pa mulingo umene wopanga chipangizo walemba. Utotowu si ndere, koma umawala mofanana nthawi zonse, ndiye umakuuzani ngati sensa yasuntha. Kuwala kwake kumasintha ndi kutentha, choncho yezani kutentha kwa madziwo n'kutenga nambala yoyenera patebulo la m'buku la chipangizo. Chitirani m'nyumba, m'kapu yakuda imene imabwera ndi chipangizocho, ndipo gwedezani pang'ono kuti timathovu tichoke pakagalasi. Kathovu kamodzi n'kokwanira kusokoneza ziro. Nambala ikamayendayenda musafulumire kuivomereza. Paja kuona maso a nkhono n'kudekha. Ine ndimachuna kamodzi pamwezi, ndipo ndimalemba nambala imene sensa inaonetsa ndisanaichune, chifukwa imeneyo ndiyo imandiuza kuti manambala a mwezi wathawo ndiwakhulupirire motani.

Chaka china m'nyengo yotentha ndinasiya chipangizo m'madzi milungu itatu osachivuula, ntchito zina zitandipanikiza. Mzere wa phycocyanin pakompyuta unali wowongoka, wotsika, ndipo mtima wanga unali m'malo. Tsiku limene ndinachivuula ndinapeza kaburashi kataima, kagalasi katakutidwa ndi chinthu choterera chofiirira, kankhono katakhala pambali pake. Damu linali litayamba kale kubiriwira, sensa ili yotseka maso. Madzi a m'mipopi sanafike poipa, koma zinandiwawa kuganiza kuti anthu ankamwa modalira mzere umene sunkanena kanthu. Kuyambira pamenepo ndinadziwa kuti madzi amoyo amapuma: nambala imakwera ndi kutsika pakati pa usana ndi usiku. Mzere wowongoka kwa masiku awiri kapena atatu muziukayikira.

Tsopano kuyambira Seputembala mpaka mvula itakhazikika ndimachivuula mlungu uliwonse. Ndisanatsuke ndimachiviika m'ndowa ya madzi a padamu pomwepo n'kulemba nambala, ndikatsuka n'kuchiviikanso m'ndowa yomweyo. Kusiyana kwa manambala awiriwo ndiko kukula kwa bodza limene litsiro limanena. Potsuka ndimagwiritsa ntchito mswachi wofewa, madzi ndi kansalu kosakanda. Pakagalasi musayandikizepo waya kapena mchenga. Tsukaninso m'kati mwa paipi ya PVC ija, chifukwa ndere zomera m'khoma lake zimawalanso pamaso pa sensa. Tepi yamkuwa yokulunga pathupi la chipangizo imachepetsa zomera. Valani magolovesi, ndipo ngati damu lanu lili ndi ng'ona musagwire ntchitoyi nokha kapena kugwada m'mphepete mwa madzi.

Kuiphunzitsa damu lanu

Chipangizo chimatha kuonetsa nambala m'njira zingapo: RFU (kukula kwa kuwala kumene kwabwerera), maikulogiramu pa lita, kapena chiwerengero cha maselo pa mililita. Ziwiri zomalizazo zimaoneka zomveka, koma zimachokera pa ndere za mtundu umodzi zoweta mu labu ya kutali, zimene sizifanana ndi za padamu lanu. Microcystis wa m'damu amakhala m'timagulu, ndipo kuwala sikufika kwa maselo a m'kati mwa gulu. Ine ndimasunga RFU, nambala yosaphika, kenako ndimaiphunzitsa tanthauzo lake ndekha.

Njira yake ndi iyi. Nthawi iliyonse mukapita kusensa, tungani madzi pamalo omwewo, pa kuya komweko, n'kulemba ola ndi nambala imene sensa ikuonetsa. Madziwo agaweni pawiri. M'botolo loyamba dontheterani mankhwala a Lugol mpaka madzi aoneke ngati tiyi wopepuka. Amenewa amasunga maselo kuti akawerengedwe pa maikulosikopu ndi kudziwa mtundu wake. Botolo lachiwiri, lagalasi lakuda, likhale la poizoni: liikeni m'bokosi la ayezi nthawi yomweyo, kutali ndi dzuwa. Ngati liumitsidwe mufiriji, musalidzaze, lingasweke. Poyeza poizoni yense, madzi amaumitsidwa ndi kusungunulidwa katatu kuti maselo asweke, apo ayi mumayeza wa kunja kwa maselo yekha n'kuganiza kuti ndi wochepa. Pali timapepala toyezera microcystin pamalo pomwepo, tooneka ngati toyezera malungo tija, timene timakuuzani mwachangu ngati mwadutsa malire. Nambala yeniyeni imafuna njira ya mu labu yotchedwa ELISA kapena makina aakulu. Ngati mulibe wodziwa kuwerenga ndere, gogodani kumasukulu a ukachenjede kumene amaphunzitsa za nsomba ndi zamoyo za m'madzi, monga ku Bunda, ku Zomba kapena ku Mzuzu. Ophunzira amafuna madzi oti afufuze, inu mukufuna wowerenga.

Tungani nthawi zonse, madzi ali oyera ndi pamene abiriwira, chifukwa kuyerekezaku kumafuna mbali zonse ziwiri. Ikatha nyengo imodzi yotentha mudzakhala ndi tebulo lanulanu losonyeza kuti RFU yakuti padamu lanu imayenda ndi ndere zochuluka motani. Pamenepo ndi pomwe mungalumikize ndi milingo yochenjeza ya WHO ya mu 2021 ya madzi osayeretsa: chenjezo loyamba chlorophyll akafika maikulogiramu imodzi pa lita pamene cyanobacteria ndizo zachuluka, lachiwiri akafika maikulogiramu 12. Nambala ya RFU yobwereka kudamu lina, kapena kuchipangizo cha kampani ina, musaikhulupirire. Ndipo chaka chikatembenuka pitirizani kutunga, chifukwa mtundu wa ndere ukasintha tebulo limasinthanso.

Kuwerenga mzere

Nambala imodzi yodumpha mwadzidzidzi n'kubwerera nthawi zambiri ndi kagulu ka ndere, kathovu kapena kansomba kodutsa pakagalasi. Ine ndimayang'ana nambala yapakatikati ya ola lathunthu, ndipo foni yanga imalira pokhapokha nambala ikakhala pamwamba pa mulingo kwa ola kapena kuposerapo. Foni ikamalira zachabe usiku uliwonse, munthu amaitseka mawu, tsiku la zoona n'kugona.

Yerekezani ola ndi ola lofanana. Dzuwa likaswa mtengo ndere za pafupi ndi pamwamba zimadziteteza ku kuwala, chlorophyll n'kumawala mochepa pamaso pa sensa ngakhale kuti sizinachepe. Komanso zimakhala zikukwera ndi kutsika m'madzimo. N'chifukwa chake ndimadalira manambala a pakati pa usiku mpaka mbandakucha, n'kuwaika pambali pa a usiku wadzulo ndi wadzana. Chimene ndimafuna kuona si kukula kwa nambala kokha koma liwiro lake. Nambala yaing'ono imene ikuwirikiza masiku awiri kapena atatu alionse imandiopsa kuposa yokulirapo imene yakhala pamodzimodzi mwezi wonse.

Masensa ena aja ndi mboni. Phycocyanin akakwera pamodzi ndi pH wa masana, nthawi zina kupitirira 9, okosijeni n'kumasefukira masana ndi kugwa usiku, dziwani kuti ndere zilidi pantchito. Chlorophyll akakwera phycocyanin atatsalira, mwina zachuluka ndi ndere zina zosaopsa, ngakhale zimatsekabe masefa. Mvula yoyamba ikabweretsa matope ofiira, turbidity imadumpha, ndipo matopewo amatha kukweza nambala ya phycocyanin mwabodza kapena kuibisa. Masiku amenewo dalirani botolo kuposa mzere. Koma musatembenuke msana, chifukwa mvula yomweyo yatsitsira m'damu feteleza wokulitsa ndi wobereketsa wa m'minda. Matope akadikha, dzuwa n'kuwala masiku angapo popanda mphepo, ndere zimapeza chakudya chili chokonzeka.

Kamodzi pamlungu ndimachotsa chipangizo m'paipi, n'kuchitsitsa pafupi ndi nsanja theka la mita, theka la mita, kuyambira pamwamba mpaka pansi, ndikudikira kuti nambala ikhazikike pa sitepe iliyonse. Ntchito imeneyi imatenga mwina theka la ola, koma ndi imene imandionetsa pamene madzi ofunda a pamwamba akulekanira ndi ozizira a pansi, ndi pamene ndere zaunjikana. Popanda zimenezi simungadziwe chipata choti mutsegule.

Nambala ikakwera

Zochita zigwirizanidwe kusanatenthe, zilembedwe papepala, zipachikidwe pakhoma pamene wogwira ntchito usiku akuziona, pamodzi ndi manambala a foni a oyenera kudzutsidwa. Madzi akatayika saoleka: akangolowa m'mapaipi a m'tauni simungawaitanenso.

Choyamba ndi chotchipa kuposa zonse: ngati nsanja yanu ili ndi zipata zingapo, kokerani pamene pali ndere zochepa. Samalani kuti chipata chapansi kwambiri chingakupatseni madzi opanda okosijeni, onunkha, okhala ndi ayironi ndi manganizi. Chachiwiri, cholinga chanu chikhale kuchotsa maselo ali amphumphu, chifukwa microcystin wambiri amakhala m'kati mwake. Choncho lekani kuthira klorini m'madzi osayeretsa asanadutse pa alamu (mankhwala ogwirizanitsa zinyalala kuti zidikhe) ndi masefa, ndipo musathire mankhwala ophera ndere a copper sulphate m'damu ndere zitachuluka kale. Zonse ziwirizi zimaswa maselo. Madzi amaoneka oyera msanga, anthu n'kuyamikira, koma poizoni wasungunukira m'madzi momwe alamu sangamugwire. Ndikudziwa kuti akuluakulu akaona damu lobiriwira amafuna lichite kuyera mawa lomwe. Apa ndi pofunika kulimba mtima n'kufotokoza mwaulemu chifukwa chake.

Yesaninso mulingo wa alamu m'mitsuko tsiku lililonse, poti pH wokwera uja amasokoneza kugwirana kwa zinyalala. Chotsani matope a m'matanki pafupipafupi, chifukwa maselo ogwidwa akakhalitsa amafera momwemo n'kutulutsa poizoni. Tsukani masefa msanga kuposa masiku onse, ndipo madzi otsukirawo asabwerere koyambira. Makala aufa aja a activated carbon amayamwa poizoni wosungunuka pamodzi ndi fungo la dothi lonyowa limene anthu amadandaula nalo, lochokera ku geosmin amene ndere zimatulutsa. Akhale m'sitolo nyengo isanayambe. Klorini wa kumapeto, maselo atachotsedwa, amawononga microcystin bwino ngati pH ali pansi pa 8 ndipo madzi akhala naye nthawi yokwanira m'thanki, koma salimbana bwino ndi poizoni wina wotchedwa anatoxin-a. Ichi ndi chifukwa chinanso chodziwira mtundu wa ndere zanu.

Yezani poizoni m'madzi olowa ndi m'madzi otuluka. M'botolo la madzi otuluka ikani mankhwala othetsa mphamvu ya klorini amene wopanga zoyezera watchula, apo ayi klorini apitiriza kudya poizoni m'botolomo, zotsatira n'kuoneka zabwino kuposa madzi amene anthu akumwa. WHO imalola maikulogiramu 12 pa lita kwa nthawi yochepa, ngati milungu iwiri, pamene mukukonza vuto, koma imalangiza kuti makanda omwa mkaka wosungunula ndi ana aang'ono apatsidwe madzi ena mulingo ukapitirira 3. Ofesi ya zaumoyo ya boma lanu idziwitsidwe msanga, ndipo ngati madzi anu amafika kuchipatala chokhala ndi makina a dialysis, amenewo akhale oyamba kuimbiridwa. Musaiwale amene samwa madzi a m'mipopi yanu koma amatunga padamu pomwepo, abusa a ng'ombe, ndi amayi ochapa kugombe. Iwowo ndi amene amakumana ndi penti uja maso ndi maso. Uthenga kwa iwo unene momveka kuti kuwiritsa sikuthandiza, ndipo uwauze kumene angakatunge madzi ena.

Ngati sensa mulibe

Yambani ndi zimene muli nazo, chifukwa zolemba za chaka chino zidzathandiza sensa ikadzabwera. Dulani chitsulo kapena pulasitiki yozungulira ya masentimita 20, ipakeni zigawo zinayi zakuda ndi zoyera, imangeni kuchingwe chokhala ndi zizindikiro. Imeneyo ndi mbale ya Secchi. Itsitseni mbali yamthunzi ya bwato kapena ya nsanja mpaka isaonekenso, lembani kuya kwake, ola lomwelo mlungu uliwonse. Kuya kukamachepa kopanda mvula, china chake chikukula m'madzimo. Tunganinso madzi m'botolo loonekera, osalidzaza, muliike mufiriji ya kuntchito usiku wonse osaligwedeza, lolembedwa bwino kuti wina asamwe. M'mawa zobiriwira zikakhala zitasonkhana pamwamba ngati mkanda, n'kutheka kwambiri kuti ndi cyanobacteria. Zikadikha pansi, kawirikawiri ndi ndere zina, ngakhale mitundu yosayandama ija ingakudutseni pa mayeso amenewa. Zithunzi za setilaiti ya Sentinel-2 n'zaulere pa intaneti, zimabwera pafupifupi masiku asanu alionse ndipo kadontho kalikonse ka chithunzi kamaimira malo a mamita 10 m'litali ndi m'lifupi, mwakuti kumwamba kukakhala kopanda mitambo mumaona mbali ya damu imene yayamba kubiriwira.

M'kope limene ndimalembamo manambala a sensa ndinasiya danga la mlonda wathu. M'mawa uliwonse asanaweruke amalembamo zinthu zitatu: kumene mphepo ikuchokera, mtundu wa madzi pangodya ija, ndi fungo. Ndikafika ndimayamba ndawerenga zake, kenako manambala a usiku. Zikagwirizana ndimapitiriza ntchito za tsikulo. Zikasemphana ndimatenga ndowa, mswachi ndi mabotolo awiri, tonse n'kutsikira kunsanja.